Mfuti ya Gogodela Kwathu ku Vubwi

Ndinabadwira m'dziko la Mfumu Pembamoyo ku Vubwi, kumene munthu akalunjika kum'mawa atulukira ku Mchinji m'dziko la Malawi, ndipo akalunjika kumwera alowa m'dziko la Mozambique, limene akuluakulu athu anali kungolichula kuti kwa Apwitikizi. Vubwi asanakhale boma pa yekha m'caka ca 2012, dera lathu linali mbali ya Chadiza. M'nyumba ya agogo anga aamuna, amene anali mlongo wao wa ambuye obala amai anga, munali mfuti yaitali yokhala pa mitanda iwiri kudenga, yakuda bii ndi mwaye, ndipo pa mudzi ponse inali kudziwika ndi dzina lakuti Mlongo. Nguluwe zikalowa m'cimanga mumamva akulu akuti, "Katengeni Mlongo." Ine ndinakula ndikuyesa kuti ndi dzina la nthabwala cabe, monga alenje amacha agalu ao maina. Tanthauzo lake ndinalimva nditasinkhuka, ndipo ndico cifukwa ndalemba nkhani iyi, kuti inu okhala m'matauni, amene mfuti mumaiona pa phewa la wapolisi pakhomo pa banki, mudziweko m'mene cida ici cinalowera m'midzi mwathu ndi mtengo umene makolo analipira.

Mfuti zisanafike, Acewa anali kupha nyama ndi mauta, mibvi, mikondo ndi zibonga, ndiponso ndi mbuna, maukonde ndi misampha. Kusaka kwakukulu kunali kwa uzimba, nyengo ya cilimwe udzu utauma. Mwini chire ndiye anali kulengeza tsiku, amuna a midzi ingapo nasonkhana ndi agalu ao, natentha chire, nazinga nyama. Woyamba kulasa ndiye anali mwini nyama, womaliza analandira mwendo, ndipo mfumu inalandira zake. Motero nyama ya uzimba inali ya anthu ambiri, ndipo panalibe munthu wakuti anganene kuti anaipha yekha. Gamitto, Mpwitikizi amene anacoka ku Tete m'caka ca 1831 pamodzi ndi Monteiro pa ulendo wa kwa Kazembe, anapyola m'maiko a Amaravi ndi Acewa, ndipo zida zimene anaziona m'manja mwa anthu wamba zinali zomwezi za mauta ndi nkhwangwa.

Mfuti zinadza ndi malonda a minyanga ndi akapolo. Kwa ife njira yake yaikulu inali ya kumwera, kucokera ku Tete, m'manja mwa Acikunda, amene poyamba anali akapolo ankhondo a m'maprazo a m'mbali mwa Zambezi, koma pambuyo pake anasanduka alenje a njobvu ndi amalonda oyenda m'magulu, gulu liri lonse ndi mkulu wake wochedwa nkumbalume. Kumwera kwathu kunalinso dziko la Makanga, lolamulidwa ndi banja la Pereira, limene linali ndi mfuti zambiri ndipo silinagonje kwa Apwitikizi kufikira 1902. Zina zinali kudzera kum'mawa ndi Ayao ndi anthu a Jumbe wa ku Nkhota Kota. Cimene cinaculukitsa mfuti izi cinacitikira kutali ku Ulaya. M'zaka za m'ma 1860 asilikali a maiko a kumeneko anasiya mfuti zothira onga kukamwa, nayamba kugwiritsa zothira cipolopolo cakumbuyo, ndipo zakalezo, pamodzi ndi zina zochipa zosulidwa ku Birmingham ndi ku Liège, zinatumizidwa ku Afirika zikwi ndi zikwi. Pa citsulo ca m'mbali mwa Mlongo panali cizindikiro ca cisoti ca mfumu ndi mau akuti TOWER, amene ndinawawerenga ndekha nditangophunzira zilembo, agogo naseka kuti mfuti yao yayamba kulankhula Cizungu.

Dzina lakuti gogodela licokera ku kugogoda. Mlenje anali kuthira onga kukamwa kwa mfuti, naikapo kansanza kapena luzi lopukusa, nagogoda ndi citsulo cacitali, naikanso cipolopolo, nagogodanso. Zakale kwambiri zinali za mwala, ndiye kuti kamwala kanali kukhula citsulo ndi kutulutsa moto woyatsa onga. Zinzake, monga ya kwathu, zinali ndi kacipewa ka mkuwa kamene kanaphulika kakamenyedwa. Zipolopolo zinali zosula amisiri a m'mudzi momwemo, ndipo muyeso wa onga unali wa zala, malinga ndi kukula kwa nyama. Cida ici cinali ndi mabvuto ambiri. Nthawi ya dzinja onga unali kuzizira, mfuti nkukana pamene nyama iri pamaso pako. Ikalira, utsi unali kuphimba ponse kotero kuti sunathe kuona ngati walasa kapena waphonya, ndipo kuti uthirenso panapita nthawi yokwanira kuti njati ikupeze. Wothira onga mopitirira muyeso anali kutaya zala kapena diso. Ngakhale zinali tero, munthu wa mfuti anali munthu wamkulu. Anali kumucha fundi, ndipo iye ndiye anayamba kupha nyama yekha, popanda kudikira tsiku la uzimba.

Tsono pa nthawi yomweyi panafika Angoni. Iwo anaoloka Zambezi mu Novembala 1835, ndipo patapita zaka zambiri gulu la Mpezeni linadzakhazikika m'dera limene lero kuli Chipata, kumpoto kwathu. Cozizwitsa ncakuti Angoni a Mpezeni, amene anali oopsa koposa onse m'dziko lino, sanaikonde mfuti. Kwa iwo ulemu wa mwamuna unali kumfika mdani pafupi ndi cishango ndi nthungo, ndipo kuombera patali anakuyesa nchito ya amantha. Anadziwanso bwino kufooka kwa gogodela: anali kudikira kuti ilire, kenaka nathamanga mwiniwake asanagogodenso. Acewa amene anapirira ndi okhawo anali ndi malinga olimba ndi mfuti zambiri zoomba mosinthana, monga Mwase wa ku Kasungu. Midzi yaing'ono ngati yathu inali kungothawira m'mapiri, ndi kulima timinda ta m'matanthwe.

M'masiku amenewo, m'zaka za m'ma 1880, ndimo Mlongo analowa pa mudzi pathu. Nkhaniyi anandiuza ndi ambuye aakazi, osati agogo aamuna ai, ndipo anandiuza tsiku lina tiri awiri pa mtondo, atandiona ndikupukuta mfutiyo ndi mafuta monyadira. Atsibweni ao, amene anali mwini mbumba, atatopa ndi kuthawa anatenga nyanga imodzi ya njobvu napita nayo ku msasa wa Acikunda kukagula mfuti ndi onga. Amalondawo anati nyanga ija yacepa, koma ngati angasiye munthu wa cikole atenge mfutiyo, nadzamuombole akapeza nyanga ina. Mwa mwambo wathu mwini mbumba anali ndi mphamvu yopereka munthu wa m'mbumba yake pa mlandu kapena pa ngongole. Iye anapereka mlongo wake wamng'ono, mtsikana wosatha msinkhu, mng'ono wao wa amai a ambuye. Itatha miyezi anaipeza nyanga ija nabwerera nayo, koma anapeza phulusa lokha pa msasa; ulendo unali utatsika kale kunka ku Tete. Mtsikana uja sanaonekenso. Akazi a pa mudzi ndiwo anaicha mfutiyo Mlongo, kuti mwini wake azikumbukira nthawi zonse akaitenga, ndipo dzinalo linakhalabe ngakhale pamene amuna anaiwala cifukwa cake.

Ndinafunsa ambuye ngati mfutiyo inaupulumutsa mudzi. Anati amai ao anawauza kuti inalira kawiri pa Angoni, ndipo anthu anathawabe. Ine sindifulumira kumweruza munthu uja, pakuti sindinagonepo m'phanga ndi ana olira njala. Koma kuyambira tsiku limenelo sindinaipukutenso mfuti ija ndi mtima umene ndinali nao poyamba.

M'caka ca 1890 maiko a ku Ulaya anapangana ku Brussels kuti mfuti zatsopano zisagulitsidwe kwa anthu akuda m'cigawo cacikulu ca Afirika, koma analola mfuti za mwala ndi onga wamba. Anati acita izi kuti athetse ukapolo, ndipo mwina ena anali kunena zoona, koma cotsatira cake cinali cakuti mwini dziko anatsala ndi gogodela, mlendo nakhala ndi mfuti yabwino. Izi zinaoneka poyera m'dziko la Mpezeni. Carl Wiese, Mjeremani wamalonda a minyanga, ananena kuti Mpezeni anampatsa dziko, ndipo pa mau amenewa panakhazikika kampani ya North Charterland mu 1895, imene inali kufuna golide. Mu Januwale 1898 asilikali ocokera ku Nyasaland anafika ndi mfuti za Snider ndi Martini, zimene zinali za cipolopolo cimodzicimodzi koma zothira cakumbuyo mofulumira, ndiponso ndi mizinga ndi mfuti za Maxim. Macenjera aja odikira kuti mfuti ilire sanathandizenso. Angoni anagonja m'masiku owerengeka, Nsingo mwana wa Mpezeni anaomberedwa mu Febuluwale, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa.

Boma la Azungu litakhazikika ku Fort Jameson, mfuti inasanduka cinthu ca mapepala. Agogo, amene anailandira atamwalira atsibweni ao aja monga mwa mwambo wa Acewa wakuti cuma ca mwamuna cipita kwa mwana wa mlongo wake, anali kusimba za ulendo wao wa pansi wa masiku awiri kukailembetsa, ndi m'mene anaidindira nambala pa mtengo wake. Caka ndi caka anali kudula ciphaso, poyamba kwa Bwana D.C., ndipo pambuyo pake, mafumu atapatsidwa matumba ao a cuma m'zaka za m'ma 1930, ku khoti la mfumu, pamodzi ndi odula za njinga ndi za agalu. Onga unali wa muyeso, wogula ndi cilolezo, ndipo ukatha anthu anali kudziwa tinjira ta kwa Apwitikizi, pakuti malire a 1891 anadula pakati pa abale. Mfuti ya laifolo, yoponya patali, munthu wakuda wamba sanali kuloledwa kawirikawiri. Inali ya Azungu a m'mafamu a fodya ndi a Boma. Ndipo nyama nazo zinali kutha. Mliri wa ng'ombe wa m'zaka za m'ma 1890 unapha njati, nchefu ndi njiri zosawerengeka. Mu 1928 Acewa ndi Angoni anaunjikidwa m'malo ocepa ochedwa marizevu kuti malo abwino akhale a kampani, chire nkusanduka minda, ndipo ngakhale Boma linagula malo ena kwa kampaniyo mu 1941, nyama zazikulu sizinabwerere. Zotsala zinali ku cigwa ca Luangwa, kumene anaikako nkhalango yoletsedwa mu 1938. Motero pa ubwana wanga Mlongo, amene anagulidwa cifukwa ca nkhondo, nchito yake inali ya nguluwe, anyani, ndi kagwape ka apo ndi apo.

Koma miyambo ya ufundi agogo anaisungabe yonse monga ngati apita kukapha njobvu. Usiku wakuti mawa asaka anali kugona okha pa mphasa yao. Munthu wamkazi sanali kuloledwa kulumpha mfuti, ndipo ikaphonya kawiri motsatana anali kuitsuka ndi mankhwala, nathira ufa pansi pa mtengo wa msolo kuchula amene anaigwira kale. Ambuye aakazi sanalole konse kuti ilowe m'nyumba mwao, ndipo ine poyamba ndinayesa kuti ndi mwambo womwewo.

Ndiri ndi zaka 12 ananditenga kukalinda cimanga, mwezi wa Malici, mwezi ukuwala. Mfuti anaithira dzuwa lisanalowe, naphimba kacipewa kaja ndi kacikopa kuopa mame. Tinakwera pa nsanja pamphepete pa munda, mphepo ikucokera kutsogolo kwathu, ndipo anandiuza kuti ndikafuna kutsokomola ndilume nsaru. Tinakhala nthawi yaitali, udzudzu ukutidya. Pakati pa usiku ndinamva mapesi akuthyoka, ndipo ndinaona nguluwe zinai zikulowa cakumunsi. Ndinawagwira mwendo agogo, koma iwo sanagwedezeke. Nguluwe zinadya, zinagwetsa mizere yathunthu ya cimanga cathu ife tikupenya, ndipo mtima wanga unawawa, pakuti ndinali nditapalira nao munda umenewo. Pokhapokha yaimuna yaikulu itafika pafupi, mwina mapazi 20, nitembenuza nthiti, ndi pamene Mlongo analira. Moto unatuluka wautali ngati mkono, nsanja inagwedezeka, ndipo kwa kanthawi sindinaone kanthu koma utsi. Utsi utacoka m'munda munalibe nyama. Ndinati, "Agogo, mwaphonya." Anayankha kuti, "Khala pansi, mwana iwe, usatsike. Mfuti iyi ilankhula kamodzi. Zotsala tidzamva mawa." M'mamawa tinalondola magazi ndi agalu awiri ndi mkondo, ndipo tinaipeza m'bango isanafe. Inang'amba galu mmodzi pamimba agogo asanaibaye. Mwendo unapita kwa anyakwawa, zina kwa alongo ao ndi kwa oyandikana nafe minda, ndipo m'nyumba mwao munatsala mutu, ciwindi ndi nthiti pang'ono.

Ndaonapo alenje ena a mfuti zabwino m'moyo wanga, koma sindinaone wodziwa mphepo, mapazi ndi kudikira monga nkhalamba zija za gogodela. Amene ali ndi cipolopolo cimodzi, ca ndalama yosowa, aphunzira kuyandikira.

Mfuti yaciwiri ya pa mudzi pathu inali cifefe ca atsibweni anga, mlongo wao wa amai. Iwo anagwira nchito ku migodi ya ku Luanshya, ndipo m'zaka za m'ma 1950, atapeza kalata ya mfumu ndi cilolezo ca Boma, anagula cifefe ca mpope umodzi ca Greener, cosulidwa ku Birmingham, cotsegula ndi kamkono ka pansi monga mfuti za Martini zija. Masiku amenewo wobwera kucokera ku migodi kapena ku Harare anali kudziwika ndi zinthu zitatu, njinga, makina osokera ndi cifefe, ndipo pa zitatuzi cifefe ndico cinali cobvuta kupeza. Sicinaope mvula, sicinafune kugogoda, ndipo cinapha nkhanga zingapo ndi kulira kumodzi. Agogo anali kucinyoza kuti ndi mfuti ya mbalame, koma ndinawaona tsiku lina akucisisita atsibweni atacokapo. Makatiriji anali okwera mtengo ndi owerengeka pa ciphaso, kotero kuti anthu ena anali kugula katiriji imodzi nampatsa mwini cifefe kuti akawaphere nyama, nagawana.

Atsibweni anamwalira mu 1991, ndipo cifefe cija cinautsa mlandu. Akulu a mbumba anati nca ine, mwana wa mlongo wao, monga Mlongo anayendera. Ana ao anati ai, pakuti lamulo la 1989 la cuma ca masiye lipereka magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi wamasiye, 20 kwa makolo ndi 10 kwa odalira womwalirayo, ndipo mwana wa mlongo wodzidalira yekha alibepo kanthu. Tinakhala pa bwalo masiku awiri. Kenaka anatikumbutsa wina wodziwa malamulo kuti mfuti siiri ngati khasu: mwini ciphaso akafa iyenera kukasungidwa ku polisi kufikira wolowa atapeza ciphaso cakecake. Ine ndinawasiyira asuweni anga, ndipo akulu ena sanandilankhule caka cathunthu, akuti ndagulitsa mwambo. Koma anyamatawo ndiwo anali kunyamula nkhanga kumbuyo kwa atate ao kuyambira ali ana, ine ndiri ku sukulu, ndipo sindinaone cilungamo cowalanda.

Pa nthawi imeneyo mfuti ya cipolopolo cimodzi inali itacepa kale mphamvu. Nkhondo ya ku Mozambique inatayikira kwathu. Kuyambira 1987 zigawenga za Renamo zinali kuoloka malire kudzalanda ng'ombe ndi kupha anthu m'midzi ya Chadiza, Katete ndi Petauke, ndipo anthu a kwathu anagonanso m'mapiri momwe anagonera makolo ao. Palibe amene anaganiza zowaletsa ndi gogodela. Mtendere utapanganidwa ku Rome mu 1992, mfuti za AK-47 zinatsala m'manja mwa anthu m'malire monse, ndipo zina zinapita kukatha njobvu. Malamulo a nyama a 1998 ndi a 2015 analimbitsa zilango, ndipo lero wosaka popanda ciphaso, ngakhale ndi gogodela yosula ndi paipi, ali pa ngozi ya ndende.

Za Mlongo zinatha izi zonse zisanacitike. Agogo anamwalira mu 1974, ndipo monga mwa mwambo wa maliro a munthu wamkulu, anyamata anatenga mfuti kuti aombe kudziwitsa midzi yozungulira. Wothira onga sanali wozolowera, nathira wambiri kuti imveke kutali. Inalira kolimba ndithu, anthu anaimva tsidya lija la dambo, koma mtengo wake unang'ambika kuyambira pa citsulo kufikira pa phewa, mpope nukhala padera. Mwamwai mnyamatayo anangopsa dzanja. Amuna anayamba kukambirana za mmisiri amene angaseme mtengo wina, koma ambuye, amene pa maliro a mlongo wao anali ndi mau, anaturuka m'nyumba ya siwa nati, "Ameneyo musamkonzenso. Mkulungeni m'nsaru, agone ndi acimwene kumanda, pakuti kwao nkuno." Panalibe wowatsutsa. Atsibweni okha ndiwo anakumbukira kuti mfutiyo inali yolembedwa m'mabuku a Boma, ndipo kuti ikasowa padzakhala mafunso. Motero adzukulu anaika mpope m'manda, m'mbali mwa mtembo, ndipo cidutswa ca mtengo cokhala ndi nambala cija atsibweni anacimanga pa njinga, napita naco ku boma pamodzi ndi ciphaso maliro atatha, kukafafanizitsa.